Mayi Marie Tussaud, Mmisiri wa Nkhope za Sera

Mu mzinda wa London, pa mseu wotchedwa Marylebone Road, pali nyumba imene anthu a mitundu yonse amandanda pakhomo pake kuyambira m'mawa, ngakhale kunja kukuzizira kapena kukugwa mvula. Si tchalitchi ayi, ndiponso si nyumba ya mfumu. Munthu akapereka ndalama pakhomo nalowa, amapeza mafumu, akuluakulu a nkhondo, atsogoleri a maiko, oimba ndi akatswiri a masewera, onse ali chilili, maso ali tong'o, osaphethira. Tsitsi lawo ndi lenileni, zovala zawo ndi zenizeni, ndipo makwinya a pamphumi ndi mitsempha ya pamanja zimaoneka bwino lomwe. Koma mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe wopuma mpweya, pakuti adaumbidwa ndi sera, ndiye phula lija limatsala m'kamwa munthu akatafuna chisa cha njuchi. Nyumbayo dzina lake ndi Madame Tussauds, ndipo mwini dzinalo adali mayi wamfupi, wochepa thupi, wobatizidwa mu Eklezia Katolika, amene adayamba kuphunzira ntchito yake pa nkhope za anthu amoyo, nadzatsiriza maphunzirowo pa mitu yodulidwa.

Iye adabadwa pa 1 Disembala 1761 ku Strasbourg, mzinda wa kum'mawa kwa dziko la France, ndipo pa ubatizo adampatsa dzina loti Anna Maria Grosholtz. Bambo wake sadamuone. Marie ankafotokoza kuti bamboyo adali msilikali amene adamwalira mwanayo asanabadwe. Chimene sankanena ndi chakuti banja la a Grosholtz lidali lodziwika ku Strasbourg chifukwa cha ntchito yopha anthu oweruzidwa kuti afe, ntchito imene inkachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Mayi wake, posowa pogwira, adalowa ntchito yosunga nyumba ya dotolo wina dzina lake Philippe Curtius, amene ankakhala ku Bern m'dziko la Switzerland. Kamtsikanako kadakulira m'nyumba ya dotoloyo, ndipo kankamutcha malume.

Curtius adali dotolo wa manja aluso. Masiku amenewo ophunzira za udotolo ankasowa mitembo yophunzirirapo, ndipo ikapezeka inkavunda msanga, chifukwa chake amisiri ankaumba ziwalo za thupi ndi sera, mtima, mapapo ndi mitsempha, kuti ophunzira aziyang'ana popanda fungo. Curtius adayamba ndi ziwalozo, kenaka adaona kuti anthu olemera amalipira bwino koposa akawaumbira nkhope zawo. Mu 1765 adasamukira ku Paris, ndipo patapita kanthawi Marie ndi mayi wake adamtsatira.

Pano nkoyenera kukumbukira kuti luso loumba ndi sera silidayambe ndi Curtius, ndiponso silidabadwire m'nyumba za chionetsero. Lidakulira pafupi ndi guwa. Eklezia adalemekeza sera ya njuchi kuyambira kale, ndipo nyimbo yoyamika kandulo ya Pasaka usiku wa Loweruka Loyera imatchula ntchito ya njuchi. Akhristu a ku Ulaya akachira matenda ankabwera ku tchalitchi ndi kadzanja, kamwendo kapena kamtima ka sera, nakapachika pafupi ndi chithunzi cha Amayi Maria kapena cha woyera mtima amene adawapempherera, kuti chikhale chizindikiro cha kuthokoza. Mu tchalitchi cha Santissima Annunziata ku Florence, olemera ankaikamo zifanizo zawo zathunthu, zazitali ngati iwo eni, mpaka zidachuluka nkuyamba kuzipachika kudenga ndi zingwe. Ku Westminster Abbey nakonso adasunga zifanizo za sera za mafumu ndi akuluakulu akufa. Curtius adangotenga luso lakalelo, nalichotsa m'nyumba yopempherera, naliika pa msika.

Ku Paris zinthu zidamuyendera. Adatsekula chionetsero chake mu 1770, nachisamutsira ku Palais-Royal mu 1776, ndipo mu 1782 adatsekulanso china pa mseu wa Boulevard du Temple, m'mene adaikamo mbala ndi zigawenga zotchuka. Marie ankasenza dothi, kusungunula sera ndi kupenya manja a malume ake, kufikira manja ake omwe adazolowera. Mu 1777, asanakwane zaka 17, adaumba nkhope ya Voltaire, mlembi wokalamba uja amene adatha moyo wake akunyoza Eklezia ndi cholembera chake. Adaumbanso Jean-Jacques Rousseau ndi Benjamin Franklin, kazembe wa dziko latsopano la America.

Atakalamba, mu 1838, Marie adafotokozera mnzake Francis Hervé mbiri ya moyo wake, ndipo Hervé adailemba m'buku. M'menemo muli nkhani yakuti kuyambira 1780 kufikira 1789 Marie adakhala ku nyumba yachifumu ya Versailles, akuphunzitsa Madame Élisabeth, mlongo wake wa mfumu Louis XVI, kuumba tizifanizo ta sera topereka ku tchalitchi. Anthu ofufuza mbiri adasanthula mabuku a antchito a ku nyumbayo, koma dzina la Marie sadalipezemo. Nkhalamba imene idadya kwa zaka zambiri poonetsa mafumu idadziwa kuti nkhani yokhala pafupi ndi mafumu imakoka anthu, ndipo wowerenga buku lakelo ayenera kupeta ndi lichero. Koma za Madame Élisabeth mwini wake palibe chokayikitsa: adali mkazi wopemphera, amene adakana kuthawa ndi kusiya mlongo wake m'masautso, ndipo adamdula mutu pa 10 Meyi 1794. Mu 2017 Aepiskopi a ku France adavomereza kuti moyo wake ufufuzidwe pofuna kuti adzatchulidwe wodala.

Chipanduko chachikulu cha ku France chidafika pakhomo penipeni pa Curtius. Pa 12 Julaye 1789 mbiri idamveka mu Paris yakuti mfumu yachotsa Jacques Necker, nduna ya zachuma imene anthu wamba ankaikonda. Chikhamu cha anthu okwiya chidathamangira ku Boulevard du Temple, nichiitanitsa mutu wa sera wa Necker ndi wa Duke wa ku Orléans. Adaikuta ndi nsalu zakuda za maliro, nayenda nayo m'miseu, mpaka adakumana ndi asilikali a pa akavalo, ndipo mwazi udakhetsedwa. Patapita masiku awiri okha ndende ya Bastille idagwa. Motero mitu yoyamba imene anthu a ku Paris adainyamula m'mwamba idali ya sera. Yotsatira idali ya mnofu.

Zaka zotsatirazo zidali zowawa kwa Akhristu. Mu 1790 boma latsopano lidalamula kuti ansembe onse alumbire kumvera lamulo loika Eklezia pansi pa boma, ndipo okana adasakidwa ngati nyama. Mu Seputembala 1792 ansembe ndi Aepiskopi ambiri adaphedwa m'ndende za mu Paris, makamaka m'nyumba yakale ya Akarmeli. Mwa iwo 191 adatchulidwa odala ndi Papa Pius XI mu 1926. Mu Novembala 1793 tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame adachisandutsa kachisi wopembedzeramo nzeru za munthu. Pa bwalo la mzinda padaimikidwa guillotine, ndicho chimpeni cholemera chotsetsereka pakati pa mitengo iwiri, chimene chinkadula khosi mwa kuphethira kwa diso. Mfumu Louis XVI adafera pamenepo pa 21 Januwale 1793, ndipo mkazi wake Marie Antoinette pa 16 Okutobala chaka chomwecho. Pa 17 Julaye 1794 asisiteri 16 Achikarmeli a ku Compiègne adakwera makwerero a chimpenicho mmodzimmodzi akuimba nyimbo za Mulungu, ndipo Papa Francis adawalemba m'gulu la oyera mtima mu Disembala 2024.

Nanga nyumba ya Curtius idapulumuka bwanji, popeza idatchuka ndi chifanizo cha banja lachifumu likudya pa tebulo? Idapulumuka posintha zifanizo monga momwe mphepo inkasinthira. Amene adali pa mpando dzulo ankachotsedwa usiku, ndipo m'mawa pankaima wolamula watsopano. Mawa lake iyenso akagwa, mutu wake unkapita ku chipinda cha zigawenga. Curtius mwini adalowa m'gulu la opandukawo navala zovala za asilikali awo. Marie adafotokoza kuti olamulira ankamtumizira mitu ikadali yonyowa ndi mwazi kuti aiumbe, ndi kuti nthawi zina ankapita yekha ku manda a Madeleine kukafunafuna pakati pa mitembo nkhope zimene adazidziwa zili zamoyo. Adanena kuti adaumba choncho mutu wa mfumu ndi wa mkazi wake. Kuti Jean-Paul Marat atabayidwa ndi Charlotte Corday m'bafa mwake pa 13 Julaye 1793, asilikali adamtengera komweko mtembo usanazizire. Ndiponso kuti adagwira m'manja mwake mutu wa Robespierre, mwini zoopsazo, amene naye adadulidwa pa 28 Julaye 1794, patangopita masiku 11 chifere asisiteri aja. Adanenanso kuti iye mwini adatsekeredwa m'ndende, nametedwa tsitsi kukonzekera mpeni, ndipo adamasulidwa pa mphindi yotsiriza. M'mawu amenewa muli zoona ndi zokometsera zosanganikirana, koma ina mwa mitu ya sera ya anthuwo idaumbidwadi m'nyumba ya Curtius m'masiku omwewo, ndipo ndiyo idadzakhala chuma chake chachikulu.

Munthu wokhala pa mtendere angafulumire kuweruza mtsikana ameneyu, kuti adadya za imfa ya anzake. Zoona, mbiri yake si ya mboni ya chikhulupiriro, ndipo kumuika pa mzere umodzi ndi asisiteri a ku Compiègne kungakhale kunama. Iwo adafunsidwa moyo wawo naupereka. Iye adafunsidwa manja ake, nawapereka kuti asunge moyo wake ndi wa mayi wake. M'mzinda m'mene mawu amodzi a mnansi ankakwanira kutumiza banja lonse ku mpeni, anthu ochuluka adachita monga adachitira Marie, kuweramitsa mutu ndi kugwira ntchito imene apatsidwa. Chomsiyanitsa ndi enawo nchakuti ntchito yake idatsala, ndipo chifukwa cha iyo mibadwo ya pambuyo idatha kuyang'ana mfumu ndi woipha ali pa thabwa limodzi, maso otseka chimodzimodzi.

Curtius adamwalira mu Seputembala 1794, namsiyira Marie zifanizo zonse ndi nyumba ya ku Boulevard du Temple, pamodzi ndi ngongole zake. Chaka chotsatira Marie adakwatiwa ndi François Tussaud, mmisiri wa zomangamanga wocheperako zaka. Mwana wawo woyamba, wamkazi, adamwalira ali wakhanda. Kenaka adabadwa Joseph mu 1798 ndi François mu 1800. Ukwatiwo sudayende bwino, pakuti mwamunayo adali wa manja obowoka, ndipo anthu a ku Paris, atakhuta kuona mitu yeniyeni, sankafunanso kulipira kuti aone ya sera.

Mu 1802 France ndi England adapangana mtendere ku Amiens, ndipo njira ya pa nyanja idatseguka. Munthu wina wa zionetsero, Paul de Philipstal, amene ankaopsa anthu ndi zithunzi za mizukwa zowalitsidwa ndi nyali mu mdima, adaitana Marie kuti akaonetse limodzi ku Lyceum Theatre mu London. Iye adalongedza zifanizo m'mabokosi, natenga Joseph wa zaka zinayi, nasiya wamng'onoyo m'manja mwa agogo ake. Adali ndi zaka 40, ndipo Chingelezi sankachidziwa. Panganolo lidali msampha: Philipstal ankatenga theka la ndalama zonse, pamene zolipira ngolo ndi zokonzera zifanizo zosweka zinkatuluka m'thumba la Marie. Mu 1803 nkhondo idabukanso, njira idatsekeka. Marie adapirira mpaka adadziombola kwa Philipstal, ndipo ali ku Ireland adalembera mwamuna wake kuti sabwereranso. Sadaonanenso naye, ndipo mayi wake womubala sadamuonenso. Mwana uja adamsiya akuphunzira kuyenda adadzamuona patapita zaka ngati 20, ali mnyamata wandevu. Ili ndi banga limene ngakhale omukonda sangalifafanize, ndipo iye mwini m'buku lake adalilambalala.

Kwa zaka 33 adayendayenda m'mizinda ya England, Scotland ndi Ireland, zifanizo zili m'ngolo zokokedwa ndi akavalo pa miseu ya matope. Sankafuna kuoneka ngati a zionetsero za pa msika. Akafika mu mzinda ankabwereka chipinda chabwino koposa, nayatsa nyali zambiri, naitana oimba, ndipo ankagulitsa kabuku kofotokoza mbiri ya munthu aliyense woumbidwayo, kuti makolo aziona kuti ana awo akuphunzirapo kanthu. Masiku amenewo kudalibe makina ojambulira, ndipo nyuzi zidalibe zithunzi. Mlimi kapena woomba nsalu amene mwana wake adafera ku nkhondo yomenyana ndi Napoleon adadzaona nkhope ya Napoleon koyamba m'chipinda cha mayi ameneyu. Masoka sadamleke. Ulendo wina wopita ku Ireland chombo chidasweka, zifanizo zambiri nkuonongeka, ndipo mu Okutobala 1831, pa chipolowe cha ku Bristol, adazitulutsa mothamanga nyumba zoyandikana zikuyaka moto. Koma ankasunga zikombole, ndipo pokhala nazo ankatha kuumbanso chilichonse chotayika.

Zikombolezo ndizo zidali mtima wa ntchito yonse. Mmisiri ankayamba ndi kupaka mafuta nkhope ya munthu, naithira pulasitala, atalowetsa timabango m'mphuno kuti wamoyoyo azipuma. Kwa wakufa timabangoto sitinkafunika. Pulasitala akauma ankamchotsa, ndipo kuchokera pamenepo ankaumba mutu wadothi, nakonza maso ndi milomo kuti zioneke zamoyo. Pa mutu wadothiwo ankapangapo chikombole cha zidutswa zingapo, nathiramo sera yosungunula, ndipo ikagwira m'mbali ankakhuthula yotsala, kuti mutu ukhale wa mphako. Maso adali agalasi. Tsitsi, nsidze ndi ndevu ankazibaya m'sera yofunditsa limodzilimodzi ndi singano, ntchito ya masabata ambiri. Potsiriza ankapaka utoto pang'onopang'ono, wina pamwamba pa unzake, pakuti sera imalola kuwala kulowa pang'ono monga limachitira khungu la munthu, ndipo chimenechi ndicho chimanyenga maso. Amisiri a lero amayesa munthu ndi miyeso yambirimbiri ndi kumjambula mbali zonse, koma dothi, chikombole ndi singano ya tsitsi zikadalipo.

Mu 1835, ali ndi zaka 73, adatula katundu mu London, pa Baker Street Bazaar. Pakhomo ankalipiritsa sheleni imodzi, ndipo iye mwini ankakhala pa katebulo, atavala zakuda ndi magalasi, akuwerenga ndalama. Wofuna kulowa m'chipinda chapadera, m'mene mudali mitu ya ku Paris ndi zigawenga monga William Burke, amene adanyongedwa ku Edinburgh mu 1829 chifukwa chopha anthu ndi kugulitsa mitembo yawo kwa madotolo, ankaonjeza sikisipensi. M'zaka za m'ma 1840 chipindacho chidatchuka ndi dzina loti Chamber of Horrors, ndiye kuti chipinda cha zoopsa. Mayiyu ankati adachipatula kuti akazi ndi ana asaone zonyansa mosafuna. Koma adadziwanso kuti chitseko chotseka chimaitana anthu kuposa chotsekula. Mu 1842 adagula ngolo ya Napoleon imene idagwidwa pa nkhondo ya ku Waterloo, ndipo Duke wa ku Wellington, amene adagonjetsa Napoleon, ankabwera kudzaima nthawi yaitali pamaso pa chifanizo cha mdani wake ali gone pa bedi la imfa.

Akatekisti amene amafunsidwa kawirikawiri za zithunzi za m'tchalitchi angapeze pano fanizo lothandiza. Chifanizo cha Tussaud ndi cha Yosefe Woyera zonse ziwiri nzopangidwa ndi manja, ndipo palibe mwa izo chimene chili ndi moyo kapena mphamvu. Koma cha Tussaud chidapangidwa kuti maso aime pa icho chomwe, azizwe ndi luso, ndipo chikafanana kwambiri ndi munthu ntchito yake yatha. Cha m'tchalitchi sichisowa kufanana ndi nkhope yeniyeni ya woyerayo, imene kawirikawiri palibe adaijambula. Chimangokhala ngati chala cholozera, ndipo ulemu woperekedwa pamenepo umapitirira kunka kwa mwini wake, monga udaphunzitsira Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787. M'nyumba ya Tussaud munthu amalowa chifukwa cha kutchuka, kaya ndi kwa zabwino kaya kwa zoipa, ndipo kutchukako kukazilala chifanizo chimachotsedwa kuti papite wina.

Mu 1842 adadziumba yekha: kankhalamba kovala chisoti chakuda, ka mphuno yosongoka, kopenya mwatcheru. Ntchito adaisiya m'manja mwa ana ake awiri, ndipo pa 16 Epulo 1850 adamwalira ali m'tulo, ali ndi zaka 88. Pamene adafika ku England, Akatolika adali asanaloledwe kukhala m'nyumba ya malamulo. Ufuluwo udadza mu 1829, ndipo patangopita miyezi isanu chimwalirire iye, Papa Pius IX adabwezeretsa madayosizi m'dzikomo. Adaikidwa pa tchalitchi chaching'ono cha Akatolika ku Chelsea, chimene adachiyambitsa mu 1812 Abbé Voyaux de Franous, wansembe wa ku France amene adathawa mpeni womwe uja. Mu tchalitchi cha St Mary's pa Cadogan Street, chimene chidalowa m'malo mwa choyambacho, muli mwala wa chikumbutso wolembedwa dzina lake.

Zidzukulu zake zidasamutsira chionetserocho ku Marylebone Road mu 1884. Mu Malichi 1925 moto udanyeketsa nyumbayo pamodzi ndi ngolo ya Napoleon, ndipo idatsekulidwanso mu 1928 chifukwa zikombole zidapulumuka. Mu 1940 bomba la ndege za ku Germany lidaphwanya zikombole za mitu 352. Nthambi yoyamba ya kunja idatsekulidwa ku Amsterdam, ndipo pambuyo pake zina zidafika ku America ndi ku Asia. Mwa zonse zimene zidatsala, chakale koposa si cha manja a Marie koma a Curtius: mkazi wogona pa mpando wautali, amene amati ndi Madame du Barry, bwenzi la mfumu Louis XV. Amisiri a pambuyo adamuikira kamakina m'chifuwa kuti chizikwera ndi kutsika ngati akupuma. Mkazi weniweniyo adamdula mutu ku Paris mu Disembala 1793, akulira ndi kupempha kuti amuonjezere kanthawi.